Naite Analowa M'nyanja pa Sabata

Ha'apai, 11 Marichi 1996

Okondedwa Alamu a Melenaite,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo panu ku Auckland. Ife kuno kuchilumba tili bwino. Mchimwene wanu Sefita analemba ali ku Suva, akuti sitima imene akugwirako ntchito sifika kuno mpaka Khirisimasi. Mwana wathu Naite, amene munamupatsa dzina lanu, watalika moti akundifika m'khutu.

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere. Mwamva kuti ana a kalasi 6, amene alembe mayeso olowera ku sekondale mu Okutobala, akumapezeka kugombe nthawi ya sukulu. Mukuopa kuti Naite alephera, ndipo womulepheretsa ndi mayi ake omwe, amenenso ndi mphunzitsi wake. Nkhawa yanuyo ndi yomveka. Ndiloleni ndifotokoze.

Maphunziro onse alipo, palibe limene ndataya. Chimene ndachita n'chakuti chaka chino onse akuchokera m'nyanja. Pa masamu, kuchulukitsa ndi 8 kunkawagwetsa ulesi. Ndinabweretsa m'ndowa feke mmodzi, kanyama kofewa ka m'nyanja ka mikono yambiri kaja, anawo n'kuwerenga mikono yake isanu ndi itatu ija. Ndinafunsa kuti afeke asanu ndi awiri ali ndi mikono ingati. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene chiyambireni sanakwezepo dzanja, anakuwa kuti, "56, aphunzitsi, koma mmodzi akalumidwa ndi shaki ikhala 55!" Kuchotsera anaphunzira yekha pomwepo.

Pa Chingerezi, mwana aliyense analemba kalata ngati kankhanu kakang'ono kaja kokhala m'chigoba cha nkhono, kakupempha chigoba chachikulu chifukwa chakale chathina. Naite analemba masamba awiri. Kale ndinkachita kumukoka kuti alembe mizere isanu.

Pa sayansi tinazika mtengo m'madzi pafupi ndi gombe, titaudula mizere. Dzuwa likafika pamutu, mwana mmodzi amakaona pamene madzi afika, n'kudzalemba papepala la pakhoma. Pambali pake amajambula mwezi mmene unaonekera dzulo lake. Sindinawauze kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Ndikufuna azindikire okha, chifukwa chimene mwana wapeza ndi maso ake sachiiwala m'chipinda cha mayeso.

Ngati wina akubwera kuno, mutitumizireko mapepala aakulu ndi mapensulo a mitundu. Mutilemberenso za mwendo wanu uja, ngati ukutupabe.

Ine mlamu wanu,
Kalolaine

Mangere, Auckland, 9 Epulo 1996

A Kalolaine,

Moni. Mwendo wanga uli bwino, musaudandaulire.

Kalata yanu ndawerenga. Ndi yaitali, yokoma, yachiphunzitsi. Koma ine sindine mwana wa kalasi yanu kuti muzindifotokozera. Ndinabadwira pachilumba chomwecho inu musanabwere kudzakwatiwa. Nyanja imeneyo ndikuidziwa. Zala zanga mpaka lero zili ndi zipsera za matanthwe, chifukwa ubwana wanga wonse ndinauthera kutola nkhono anzanga ali m'kalasi. Lero ndimachapa nsalu za odwala kuyambira mbandakucha, msana uli wowerama, kuti ana a m'banja mwathu asadzagwirenso feke ndi manja. Ndiye inu mwatenga fekeyo kumulowetsa m'kalasi!

Pa pepala la mayeso padzakhala nkhanu? Adzamufunsa za mwezi? Mwana wa Sefita azilemba makalata opempha chigoba? Ngati mwatopa ndi kuphunzitsa, nenani, boma litumize wina.

Mapepala sinditumiza. Ndatumiza diresi yoyera yoti Naite avale pa Sabata ya ana mu Meyi, ndi nsapato zake. Ndinayenda masitolo atatu kuti ndiipeze. Muichape nokha, osati mwana. Ndatumizanso buku la mafunso a mayeso akale. Azikhala pamkeka n'kumayankha, kugombe asiye.

Ndikufuna kumva kuti mtengo wanuwo mwauzula.

Melenaite

Ha'apai, 7 Meyi 1996

Okondedwa Alamu,

Moni. Katundu anafika bwino, zikomo. Diresi inamukhala ngati munachita kumuyeza.

Pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine musanaimve kwa ena. Ndikulemba mwamsanga kuti kalatayi ikwere sitima ya Lachinayi.

Lachisanu lapitali Naite anaima nthawi yaitali pa pepala la pakhoma lija. Kenaka anati, "Amayi, mwezi ukakhala wathunthu madzi amaphwa kwambiri, eti?" N'zimene ndakhala ndikudikira. Anafunsanso kuti, "Nanga bwanji malo a Lamulungu amakhala opanda kanthu? Nyanja nayo imapemphera?" Ndinaseka, n'kumuyankha kuti nyanja sipuma koma ife timapuma. Ndinaganiza kuti wamva. Ndikanayenera kumuuza mosabisa kuti asayerekeze.

Lamulungu, Sabata ya ana ija, m'tchalitchi analakatula ndime yake osaphonya liwu, anthu mpaka kugwedeza mitu. Titatuluka, ife tili kalikiliki kufukula chakudya m'dzenje la moto, iye anazemba. Mwezi unali utangokhala wathunthu, ndipo ankafuna kuona ngati maganizo ake ali oona. Anavula nsapato, anakwinya diresi, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Sanasambire. Sanagwire nsomba. Anawerenga mzere n'kutembenuka.

Pagombe anapeza a Sela, akazi a mkulu wa mpingo, ataima manja m'chiuno.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Mwana wa aphunzitsi akusodza pa Sabata, ndi diresi ya ku Auckland!"

"Sindikusodza, amayi, ndikuwerenga."

"Ukuwerenga? Baibulo lako lili pansi pa madzi? Kapena kwanu Sabata inathetsedwa, poti muli ndi sayansi?"

Anamugwira dzanja n'kudutsa naye pakati pa mudzi, mphepete mwa diresi mukudontha madzi, anthu onse ali panja pa mikeka kudikira chakudya. Mukudziwa nokha mmene lamulo la Sabata lilili kuno, ngakhale bwato silikankhidwa. Madzulo ndinavala mkeka wanga wa m'chiuno wosonyeza ulemu uja, ndinamutenga mwanayo, tinakagwada kwa abusa kupepesa. Abusa anatilandira bwino, ndipo anati nkhani yatha.

Mwanayo analakwa, ndipo ndamulanga. Koma sanachite mwachipongwe. Anali ndi funso limene linamukulira. Diresi ndaichapa ndi madzi a mvula, ilibe banga.

Ndakutumizirani feke wouma, amene mumamukonda uja.

Mlamu wanu,
Kalolaine

Mangere, 27 Meyi 1996

Kalolaine,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa.

Ndadikira masabata atatu kuti mwina ulemba. Palibe. Wakhala chete ngati sizikundikhudza. Ukudziwa kumene ndinaimvera nkhaniyi? Pakhomo la tchalitchi chathu kuno, pamaso pa amayi a chigwirizano. Wina anandigwira paphewa akumwetulira, amvekere, "Tamva kuti Melenaite akumasambira pa Sabata masiku ano. Pa msinkhu wanuwu, mayi?" Onse kuseka. Dzina langa, Kalolaine. Dzina limene ndinalisunga loyera zaka zonsezi m'dziko la eni.

Akuti anasambira ndi anyamata, atavala diresi imene ndinagula ndi msana wangawu. Akuti unamutuma ndiwe, kuti akakuwerengere mtengo wako, iwe uli khale kudya nkhumba. Ndinakuuza kuti uuzule. Unandiona ngati wochapa zovala wosadziwa kanthu.

Tsopano tamvera. Iwe unabwera m'banja mwathu, koma mwanayo ndi magazi athu. Ine ndine zakhali wake. Ndinamutcha dzina ndine, tsiku la ukwati wake wodzakhala pamwamba ndine, ndipo mwana wa mchimwene wanga akamaonongeka woyankha ndine. Izi sunaziphunzire ku koleji, koma ukuzidziwa.

Naite abwera kuno. Azikhala ndi ine, aziphunzira sukulu ya makoma ndi denga. Ndayamba kale kuyendetsa mapepala ake, ndipo Sefita ndamulembera. Umukonzere chikwama.

Melenaite

Ha'apai, 14 Juni 1996

Alamu,

Moni. Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaiwerenga kangapo ndisanagwire cholembera, kuopa kulemba zimene ndingadzachite nazo manyazi.

Sindinakhale chete. Ndinakulemberani patangopita masiku awiri. Sitima inafa injini, ndipo thumba la makalata lakhala m'shedi ya padoko ku Pangai mwezi wonse. Mawu a a Sela anayenda pa telefoni, anga anatsalira m'shedi. Kalatayo ikafika muone tsiku limene ndinalemba.

Kunalibe anyamata. Kunalibe kusambira. Sindinamutume. Funsani abusa, musafunse anthu amene anali asanafike n'komwe pagombepo.

Mtengo uja akuluakulu a mpingo anauzula, ndiye pamenepo mtima wanu ukhale pansi. Kugombe sitikupitanso. Tsopano nyanja ndimabwera nayo m'ndowa m'mawa uliwonse, ndipo ana akuyeza zigoba ndi rula, akuwerengera kuti mchere wotsala m'mbale madzi akauma ndi wochuluka bwanji. Buku lanu la mafunso Naite analimaliza, ndipo analakwitsa ochepa kwambiri. Poyamba munkaopa kuti alephera mayeso. Tsopano mukufuna kumuchotsa miyezi inayi mayesowo asanafike. Ndithandizeni kumvetsa, chifukwa ine mphunzitsi zandikanika.

Ulemu wanu ndikuudziwa, ndipo sindinauderere. Mkeka wabwino uliwonse umene ndinaluka unapita kwa inu. Koma mwanayu ndinamubereka ndine, ndipo ndi mmodzi yekhayu. Chikwama sindikonza mpaka bambo ake alankhule okha.

Kalolaine

Brisbane, 30 Juni 1996

Amake Naite,

Moni mkazi wanga. Ine ndili bwino, kungoti wophika wathu watsopano amaphika mpunga ngati simenti. Ndikafika udzandiona nthiti.

Makalata anu onse awiri, yako ndi ya achemwali, ndawapeza pamodzi padoko pano. Ndinayamba kuwerenga yako. Ndikukhulupirira zimene wanena. Mwana wanga sangasambire pa Sabata, ndipo za mwezizo wachita kutengera ine, usaiwale.

Koma Kalo, ukundipempha chinthu chimene sindingathe. Ukufuna ndiwauze achemwali kuti ayi? Ine chibadwire sindinakhalepo pamkeka umodzi ndi iwo. Akalowa m'nyumba ndimatuluka. Ndinawaimbira telefoni dzulo, ndinayamba bwinobwino kuti, "Achemwali, mwina tidikire mayeso." Anangoti, "Sefita, ukuyankhula ndi ndani?" Ndinangopepesa n'kuika telefoni pansi. Anzanga a m'sitima anandiseka, amvekere, "Chimuna chonyamula nangula chikunjenjemera pa telefoni!" Aseke, alongo awo si a kwathu.

Taganizanso mbali inayi. Anthu amalipira zambiri kuti ana awo akaphunzire ku Auckland, ife mwayi wabwera wokha. Komanso pachilumbapo a Sela sadzamuleka mwanayo, adzakula akutchedwa wosambira pa Sabata. Mwina ndi bwino achokepo kaye.

Usandikwiyire. Ukandikwiyira iwenso ndiye kuti ndilibe kolowera. Umupsompsone Naite.

Mwamuna wako,
Sefita

Mangere, 12 Julayi 1996

Kalolaine,

Moni. Kalata yako ya mu Meyi yafika. Tsiku ndaliona. Chabwino, unalemba. Sizikusintha kanthu, chifukwa m'madzi analowa, ndipo mtengo unazika ndiwe. Feke wako anamulanda pabwalo la ndege, akuti ananunkhitsa thumba lonse.

Za mayeso usavutike, kuno ana amalowa sekondale popanda zimenezo.

Sefita wavomera. Tikiti ili m'kalata muno, ya pa 3 Ogasiti. A Sela akubwera kuno kudzaona mdzukulu wawo, ndiye ayenda naye. Usamupatse zigoba kapena zonyansa zina za kugombe, adzamulanda. Juzi ndagula kale.

Melenaite

Mangere, 16 Seputembala 1996

Kalolaine,

Moni. Sunalembe chifikireni mwanayu. Ngati ndi mkwiyo, ukhale nawo, koma yankha izi.

Mwanayu unamuchita chiyani? Salankhula. Ndikamufunsa kanthu amangoti "inde, azakhali," "ayi, azakhali," maso ali pansi. Chakudya amangotola pang'ono. Mwano alibe, mbale amatsuka, kutchalitchi amakhala phee, moti amayi a chigwirizano akumuyamikira. Koma kunyumba kuli ngati ndikusunga mlendo.

Aphunzitsi ake anandiitana. Ndinajomba kuntchito theka la tsiku. Akuti masamu amakhoza kuposa anzake, koma chiyambireni sanatsegule pakamwa m'kalasi, ndipo akauzidwa kulemba nkhani amapereka pepala loyera. Anandifunsa kuti, "Kodi kwawo ankakonda chiyani?" Ndinachita kuvomera pamaso pa mzungu kuti sindikudziwa. Ine, zakhali wake.

Unkadzitama kuti analemba masamba awiri. Ali kuti masambawo? Kapena unamuuza kuti adzandichititse manyazi kuno? Ngati pali chimene umachita kuti alankhule, nena. Usandilembere ulaliki, ungonena.

Melenaite

Ha'apai, 2 Okutobala 1996

Alamu,

Moni kwa inu, ndi kwa mwana wanga.

Sindinalembe chifukwa ndinalibe mawu abwino, ndipo oipa sindinafune kuwatumiza. Sindinamuuze kuti akuchititseni manyazi. Padoko ndinamuuza kuti akumvereni ngati mmene amandimverera ine. A Sela anamukoka dzanja, amvekere, "Tiye, wasayansi, sitima sidikira mwezi." Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Anamgumi abwera chaka chino ochuluka, akuonekera pawindo la kalasi. Sabata yatha tinayeza kutalika kwa namgumi pabwalo la mpira ndi chingwe, ana n'kugona pansi motsatizana, mutu ku mapazi a mnzake, kuti tione kuti alowa angati. Anagona onse, koma kumchira kunatsala malo a mwana mmodzi. Wina anati, "Apa ndi pa Naite, aphunzitsi." Ndinawauza kuti alowe m'kalasi, ine ndinatsala panja kanthawi.

Sindikubisirani, ndikumufuna abwerere. Ndidzapempha Khirisimasi ino, ndidzapemphanso chaka chamawa, ndipo mudzatopa nane. Koma lero ali m'manja mwanu, ndipo sindingalole kuti akhale chete miyezi yonseyi pofuna kuti ine ndioneke wolungama. Ndiye mwafunsa, ndikuuzani.

Naite salankhula akafunsidwa za iye mwini. Ngakhale ine sandiyankha. Amalankhula pakakhala chinthu patsogolo pake chimene akuchidziwa, wina n'kumufunsa moona mtima. Komanso funso lomaliza limene anafunsa linamuchotsa kwawo, ndiye akuganiza kuti kufunsa n'kulakwa. Wina ayenera kumuonetsa kuti si choncho, ndipo amene angamukhulupirire pa zimenezi ndi inu, chifukwa ndinu amene munakwiya.

Loweruka likubwerali mupite naye kumsika. Mugule nsomba yathunthu, ya mutu ndi mamba, osati zodulidwa za m'pepala zija. Kunyumba muiike pathebulo, mumupatse mpeni, inu mukhale pampando. Musamuphunzitse, ngakhale mukudziwa kutumbula nsomba kuposa ife tonse. Mungomufunsa kuti, "Naite, nsomba imeneyi inkadya chiyani? Wadziwa bwanji?" Akachedwa kuyankha musamufulumize. Adzayang'ana mano, adzatsegula mimba, kenaka adzayamba. Akayamba, mufunseni china chilichonse chimene inuyo simukuchidziwa, ndipo mumuuze kuti simukuchidziwa. Mukatha kudya, mumupatse pepala kuti alembere bambo ake zimene wapeza.

Si ulaliki, Alamu, ndi nsomba imodzi. Mukapanda kupindula kanthu, ndiwo za Loweruka mwapeza. Chonde yesani kamodzi kokha, ndipo mundilembere zimene adzanene, ngakhale zitakhala mawu atatu.

Mlamu wanu,
Kalolaine